Tulo ta Amayi Athu ndi Mdima wa Usiku

Ife aphunzitsi a m'madrasa kuno ku Limbe timamva dandaulo limodzi kwa amayi odzatenga adzukulu awo: tulo tidawathawa. Ambiri ndi a zaka 45 mpaka 55, msinkhu umene mayi amaleka kupita kumwezi. Amadzidzimuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, ngakhale mu Juni chiperoni chitavuta.

Mu ubongo muli kachiwalo kotulutsa melatonin kunja kukada, ndipo melatonin ndiyo imauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Munthu akamakula imachepa, kuwala nakonso kumaitsekereza. Kale kumudzi ku Mangochi, nyali ikazima kunali bii. Ku Ndirande ndi ku Bangwe ena amagona babu likuyaka poopa akuba, foni nayo ili pankhope.

Koma tisanamizane, abale. Thukuta lija limadza chifukwa cha kuchepa kwa estrogen. Mapiritsi a melatonin angathandize kuti tulo tibwere msangako, koma si mankhwala a kutentha thupi kuja. Amene akumwa mankhwala a BP kapena a shuga ayambe afunsa dokotala.

Inu abambo, mayi akawodzera itatha swala ya Subuhi musawanene ulesi. Usiku muziwazimitsira babu la kuchipinda.