Ku Toronto, musanagule eriyo yambani mwafunsa zenera

Amene munakulira m'makomboni a Blantyre kapena Lilongwe mukuikumbukira nsungwi yaitali ija yozika kuseri kwa nyumba, eriyo ili pansonga. Wina panja akupotokola, wina m'nyumba akukuwa: "Bwererani pang'ono! Apo, apo! Aa, yathawanso!" Ine ndinkayesa kuti ntchito imeneyo ndinasiyana nayo paubwana. Koma inadzandipeza ku Toronto, m'dziko la Canada, pansanjika ya 19.

Ndinapita kukachezera achemwali anga omwe amakhala ku North York, kumpoto kwa mzindawu, kufupi ndi msewu wa Yonge Street. Nyumba yawo ndi zija amati condo: chinyumba chosanjikizana chimodzi, koma banja lililonse lili ndi gawo lake, logula kapena la lendi. Makoma akunja, denga ndi makonde ndi za onse, ndipo komiti ya eni nyumba ndiyo imaika malamulo. Limodzi mwa malamulo apanyumbapo linali lachindunji: osakhoma dishi kapena eriyo kunja.

Mwezi umenewo alamu anali atasiya kulipira kanema wapamwezi. Lendi inali itakwera, ndipo kumudzi ankadikiranso kangachepe ka feteleza. Unali mwezi wa December, dzuwa likulowa isanakwane 5 koloko madzulo, kunja kukuzizira moti mwana sungamutulutse kukasewera. Mwana wawo wa zaka zinayi anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amalume, TV yafa?"

Nsanja imene aliyense amaijambula

Chimene alendo ambiri sadziwa n'chakuti CN Tower, nsanja imene aliyense amajambulitsapo akafika ku Toronto, sanaimangire alendo okha. Nyumba zitalizitali zitachuluka pakati pa mzindawu m'zaka za m'ma 1960, zinayamba kutchinga mafunde a wailesi ndi a kanema. Kampani ya sitima zapamtunda ya Canadian National inamanga nsanjayi, yotalika mamita 553, ndipo inatsegulidwa mu 1976. Kwa zaka zoposa 30 panalibe chomangidwa china choima pachokha chotalika kuiposa padziko lonse.

Mpaka lero matchanelo monga CBC, CTV, Global, Citytv ndi TVO amaulutsira pansonga pake. Kuyambira pa 31 August 2011, mizinda ikuluikulu ya ku Canada inasamukira ku kanema wa dijito, ndiye chithunzi chake n'choyera bwino, ndipo n'chaulere. Dikoda siifunika, chifukwa TV zogulitsidwa kumeneko zimabwera ndi chogwirira mafundewa m'kati. Musavutikenso kunyamula Kiliye Kiliye yanu: kwathu timagwiritsa ntchito njira ya DVB-T2, kumeneko ya ATSC, ndipo ziwirizi sizimvana.

Nditaima m'munsi mwa nsanjayi pa Front Street, khosi litapindikira kumwamba, ndinazindikira kuti nsungwi ya mzinda wonse ndi imeneyi. Funso linangotsala limodzi: kodi nyumba yathu ikuiona?

Zolembedwa pakatoni zisakupusitseni

Kushopu ndinapeza maeriyo a m'nyumba amitundumitundu. Ena ndi afulati ngati chikuto cha kope, omata pagalasi. Ena ndi akale aja a nyanga ziwiri zokoka, okhala ndi kamkombero pakati. Ena ali ndi busita yolumikiza kumagetsi. Pamakatoni analembapo "HD", "4K" ndi mitunda yoopsa imene akuti eriyoyo imafika. Zonsezo ndi malonda chabe. Eriyo ndi chitsulo chogwira mafunde basi, siidziwa kuti chithunzi chake n'chotani.

Chofunika kudziwa n'chakuti mafunde a kanema ali m'magulu awiri. A UHF ndi aafupi, ndipo kaeriyo kafulati kamawagwira bwino. A VHF ndi aatali, amafuna chitsulo chachitali, n'chifukwa chake nyanga zija sizinathe ntchito. Ku Toronto matchanelo ambiri ali pa UHF, koma CTV ili pa VHF. Mukagula eriyo ya UHF yokha, mwina mudzadabwa kuti tchanelo chimodzi chachikulu sichikubwera.

Busita nayo si mankhwala a matenda onse. Imakuza zimene eriyo yagwira kale, phokoso lomwe. Ngati muli pafupi ndi nsanja, mafunde amachuluka mphamvu mpaka TV kusokonezeka, ngati munthu akukukuwirani m'khutu. Ine ndinatenga yotchipa ya nyanga ija, waya wautali, n'kusunga lisiti bwinobwino.

"Apo, apo, alamu!"

Zenera lapabalaza linayang'ana kumpoto, pomwe nsanja ili kummwera. Pakati pathu ndi iyo panali makoma a konkire okhala ndi zitsulo m'kati, omwe amameza mafunde. Titaika eriyo pafupi ndi TV n'kusaka matchanelo, anabwera awiri okha, nawonso odukaduka. Dijito ilibe zapakatikati. Kale chithunzi chinkabwerabe ngakhale chili ndi timadontho ngati mpunga womwazika, koma pano chimabwera chonse kapena chimauma n'kuzimiratu.

Kuchipinda chogona zenera linayang'ana kummawa. Nditagunditsa tsaya pagalasi n'kusuzumira kumanja, ndinaona kansonga ka nsanja kakuthwanima patali. Tinakoka waya kudutsa pansi pa chitseko, ine kuchipinda ndikusuntha eriyo, alamu pabalaza ali ndi rimoti. "Kwezani pang'ono! Ayi, bwererani!" Achemwali anaseka mpaka misozi: "Inu, mwakwera ndege ulendo wonsewu kudzachita za ku Ndirande?"

Pagalasi penipeni sizinayende bwino. Magalasi ambiri a nyumba zatsopano amawapaka kachitsulo kosaoneka koteteza kuti kutentha kusathawe, ndipo kameneka kamafooketsa mafunde. Malo abwino tinawapeza pamwamba pa wadiropu, eriyo itayang'ana chinyumba china cha patsidya pa msewu. Mafunde ankagunda pachinyumbacho n'kubwerera kwa ife. Titasakanso, TVO inatulukira ndi makatuni ake, mwana uja n'kukhala phee pakapeti. Loweruka usiku alamu anaonera hockey pa CBC, masewera amene mpaka pano sindimvetsa kuti kampira kake amakaona bwanji.

Patsidya pa nyanja

Neba wina wa mbali yakummwera anatiitana kuti tikaone zake. Zenera lake linayang'ana nsanja maso ndi maso, kuseri kwake nyanja ya Ontario ili mbee. Ndi kaeriyo kafulati ankagwiranso matchanelo a ku Buffalo, mzinda wa ku United States womwe uli pafupifupi makilomita 100 kuchokera ku Toronto. Pamadzi palibe phiri kapena nyumba yotchinga, ndipo m'nyengo yotentha mafundewa amafika mwamphamvu kuposa m'nyengo yozizira. Nyumba imodzimodzi, nsanjika imodzimodzi, koma zoonera zosiyana.

Ndiye inu amene mukukonzekera ulendo wa sukulu kapena wa ntchito kumeneko, dongosolo lake ndi ili: werengani malamulo a nyumba, dziwani kumene nsanja ili, onani kumene mazenera anu ayang'ana, kenako gulani eriyo yotchipa yogwira UHF ndi VHF pashopu yolola kubweza. Mukaisuntha, sakaninso matchanelo. Busita ibwere pamapeto, zina zonse zikakanika.

Tsiku lonyamuka, achemwali anamata tepi pamwamba pa wadiropu paja, kuzungulira tsinde la eriyo. Akuti amene adzaisunthe akakwere yekha.