Rufunsa pa Chishalo cha Njinga

Anthu ambiri oyenda pa basi pakati pa Lusaka ndi Chipata amadziwa Rufunsa ngati malo oodzerapo. Basi ikangodutsa Chongwe nkhani zimazilala, mitu imayamba kugwera pa mapewa a oyandikana nawo, ndipo munthu amadzidzimuka kondakitala akafuula kuti tafika pa mlatho wa Luangwa, ofuna nsomba atsike. Makilomita pafupifupi 180 a mapiri, mitsinje ndi midzi amatha ngati loto la masana. Chimene anthu amakumbukira ndi galimoto yogubuduka imene adaiona m'phompho, basi.

Boma limeneli ndi la dzulodzuloli, pakuti lidapatulidwa ku Chongwe m'chaka cha 2013 pa ulamuliro wa malemu Michael Sata, koma kukula kwake nkodabwitsa. Eni nthaka ndi Asoli a mafumu atatu, a Bundabunda, a Mpanshya ndi a Shikabeta, ngakhale lero mupezamonso Achewa, Ansenga, Achikunda ndi mitundu ina yodzafuna minda. Kumpoto kuli mtsinje wa Lunsemfwa ndi chigwa cha Luano, kumwera kuli mapiri otsetserekera ku Zambezi. Kwa ife Akatolika, dziko limeneli lagona pakati pa mishoni ziwiri zakale za Ajezwiti: Kasisi, imene idayamba mu 1905 pafupi ndi Lusaka, ndi Katondwe, imene idatsegulidwa mu 1912 ansembe atachotsedwa ku Mozambique. Pakati pa ziwirizo uthenga unkayenda ndi mapazi, kenaka ndi njinga.

Mu Ogasiti 2025, m'Chaka Choyera cha Jubile, ndidadula dziko limeneli pa njinga kuchokera ku Chongwe mpaka pa mlatho, ndili ndi mphwanga, mnyamata wa zaka makumi awiri. Ulendowu udali woyesera miyendo chabe. Cholinga chenicheni chidali chakuti chaka chotsatira nditule pansi ntchito ya ukatekisiti, ndigulitse kamunda kanga, ndipo ndipalase njinga kukafika kwathu ku Katete, kumene ndidachokako ndili mnyamata. Ndidafuna kukalowa m'mudzi wa makolo anga ndi thukuta langa, osati kutsika basi ndi katundu ngati mlendo. Mayi a kunyumba adavomera, ndipo tidali titayamba kale kusunga ndalama za malata.

Tsiku loyamba lidatiphunzitsa za mphepo. Miyezi ya chilimwe mphepo imachokera kum'mawa, choncho wolowera ku Chipata amalimbana nayo maso ndi maso, ndipo ngakhale pamalo osalala ayenera kuponda mapedulo ngati akukwera phiri. Madzulo tidafika ku Chinyunyu, kumene madzi otentha amatumphuka pansi pafupi ndi msewu. Pa kasupe penipeni simungaike dzanja. Amayi amachapira kumunsi kumene madziwo azizirako. Mphwanga adaviika mapazi nanena kuti, "Amalume, Mulungu adaganizira opalasa njinga." Kuno nkumene anthu a Mfumu Bundabunda amachitira mwambo wa Chibwela Kumushi, wokumbukira kubwerera kumudzi ntchito za kumunda zitatha. Dzinalo lidandikoma, poti nanenso ndinkadziona ngati wobwerera kumudzi.

Koma pa msewu umenewu eni njinga enieni ndi a makala. Tidakumana nawo m'bandakucha aliyense, akulowera kumadzulo ife tikulowera kum'mawa. Munthu mmodzi amamanga matumba atatu kapena anayi pa kaliyala, lililonse lotalikitsidwa ndi timitengo ndi luzi mpaka kupitirira mutu wake, ndipo masipoko a kumbuyo amawawirikiza kuti gudumu lisapindike. Pokwera mtunda amatsika nakankha, chifuwa chili pa handulo. Potsetsereka mabuleki sakwanira, ndiye amaponda tayala ndi nsapato yodulidwa ku tayala lomwelo la galimoto. Ine ndi botolo langa la madzi ndi kachikwama ka zovala ndidaoneka ngati mwana wosewera.

Mmodzi wa iwo, bambo wa msinkhu wanga, adatithandiza kumata chubu pansi pa mtengo wa msuku. Adandiuza kuti kale ankatentha makala kuseri kwa nyumba yake, koma tsopano amayenda theka la tsiku kuti apeze miombo yoyenera nkhwangwa. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema adachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse mu Febuluwale chaka chimenecho, chidapha chimanga m'minda, chidaphwetsanso madzi ku Kariba. Magetsi atasowa mu Lusaka, mbaula idabwerera m'nyumba iliyonse, ndipo mlimi wopanda chimanga adatenga nkhwangwa. Ife a m'tauni timakonda kuwerenga kalata ya Papa Francis ya 2015, Laudato Si', nkumadzudzula wodula mitengo, pamene nyemba zathu zikubwata pa makala ake omwewo. Bamboyo sadadandaule. Adangofunsa ngati ndine mphunzitsi wa tchalitchi, poona korona m'khosi mwanga, ndipo nditavomera adati, "Ndiye mukapatuke kwathu, aphunzitsi. Kuli anthu anu kumeneko."

Tidapatuka tsiku lachitatu, titadutsa pa boma la Rufunsa. Apa mpamene ndidadziwa kuti tala si Rufunsa. Mukangosiya msewu waukulu, kilomita imasintha tanthauzo. Mchenga umagwira matayala, miyala imagwedeza mano, ndipo mitsinje youma ili ndi magombe otsika mwakuti njinga muyenera kuinyamula pa phewa. Mtunda umene pa tala tikadaudya mu ola limodzi udatitengera m'mawa wonse. Ndidadzifunsa kuti nanga dzinja, mitsinje yomweyi itadzaza, amadutsa bwanji mayi wapakati kapena mwana wa sukulu.

Kachalitchi kake nka njerwa zosaotcha, denga la udzu, guwa la matabwa awiri. Belu ndi gudumu lachitsulo la galimoto lopachikidwa pa mtengo. Wosunga makiyi ndi gogo wina wachisoli amene Chinyanja amalankhula mokoka, koma mapemphero onse ali pamtima. Atamva kuti kwabwera katekisiti adatuma mdzukulu kukaimba belu, tsiku la Lachinayi masana, ndipo anthu oposa makumi atatu adasiya ntchito zawo nabwera. Tidachita mapemphero a Mawu a Mulungu. Titatha, gogoyo adatulutsa kope la sukulu lokutidwa ndi pulasitiki ya shuga. M'menemo adalembetsa maina a ana oyembekezera ubatizo, a akulu ofuna kukonza maukwati awo, ndi a anthu amene adamwalira chipitire wansembe, kuti akadzabwera adzawachitire Misa.

"Mwanangu," adatero, "Abambo amabwera, sitiwadandaula. Koma ndi mmodzi, matchalitchi ndi ambiri, ndipo galimoto imafika pokhapokha mitsinje itauma. Akafika amafunsa kuti ana awa aphunzira kodi? Ife nkuyang'ana pansi. Adzawaphunzitse ndani?"

Funso limenelo ndi la ntchito yanga. Wansembe angabwere ndi mafuta oyera ndi Ukaristia, koma sangakhale miyezi isanu ndi umodzi akuphunzitsa katekisimu pa kachalitchi kamodzi. Maepiskopi a AMECEA adaona zimenezi kale, pamene pa misonkhano yawo ya 1973 ndi 1976 adagamula kuti miphakati ikhale maziko a Mpingo m'maiko athu ano. Papa Francis nayenso, m'kalata ya Antiquum Ministerium ya 2021, adakhazikitsa ukatekisiti ngati utumiki wodziwika mu Mpingo wonse. Zolembedwazo nzabwino. Koma mphakati wopanda munthu wodziwa kuphunzitsa umasanduka gulu la maliro ndi zopereka chabe, ndipo achinyamata amapita kumene kuli wowatsegulira Baibulo, kaya ndi mpingo wanji. Pa kachalitchi kameneka ndidapezapo anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi amene adafika Giredi 9, owerenga bwino, amanyazi koma ofunitsitsa. Palibe adawafunsapo ngati angathe kutsogolera.

Tsiku lachinayi tidabwerera ku tala nkukagona ku Mpanshya, kumene kuli chipatala cha mishoni cha St Luke's chimene amatumikirapo Masisitere a Borromeo. Pa chipata pake padatsamira njinga zambirimbiri, zina zitamangidwa mpando wa nsungwi pa kaliyala. Imeneyo ndiyo ambulansi ya kumudzi. Wodwala amakhala kumbuyo atamangidwa ndi chitenje, wina akukankha, wina akugwirira.

Za Manenekela sindinena zambiri, poti aliyense woyenda msewuwu amawadziwa mapiri amenewo. Msewu umakhotakhota m'mbali mwa phompho, ndipo malole akuluakulu opita ku Malawi ndi ku Mozambique amakudutsani pafupi mwakuti mphepo yake imakukankhirani ku miyala. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, pamene mlatho uli pansi pa mamita 500. Kutsika konseko kumathera m'zala zogwira mabuleki. Miombo imatha, milambe imayamba, ndipo kutentha kwa chigwa kumakulandirani ngati mwatsegula uvuni. Tidafika pa msika wa pa mlatho dzuwa litapendeka, pakati pa nsomba zouma, masau, madengu ndi mphasa. Mlatho womwewo, wopachikika pa zingwe zachitsulo, udatsegulidwa mu 1968, ndipo tsidya lake ndi chigawo cha Kum'mawa. Mphwanga adaloza kutsidyako nati, "Amalume, chaka chamawa tikuwoloka."

Usiku umenewo tulo sitidabwere chifukwa cha kutentha, ndipo ndidayamba kuwerengera. Miyendo idapirira masiku asanu; ku Katete ingathe kukafika. Koma mawondo a munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ali ngati thumba la ufa la mwezi wa Januwale: mumadziwa kuti pansi pali pafupi, ndiye mumasankha bwino chophika. Ndingathe kuthera zaka zotsalazo pa ulendo umodzi waukulu wokafika kwathu, kumene parishi ili ndi makatekisiti ake ndipo ine ndikakhala pa benchi la madoda. Ndingathenso kuthera mphamvu yomweyo pa maulendo aafupi ambirimbiri, ochoka pa tala kulowa kumene kuli makope okutidwa ndi pulasitiki.

Ndidakumbukira Kadinala Adam Kozłowiecki. Mjezwiti wa ku Poland ameneyu adapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau, adafika kuno mu 1946 nayamba ntchito ku Kasisi, ndipo mu 1959 adakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Mu 1969, ali ndi zaka 58, adatula udindowo kuti mwana wa dziko lino autenge. Akadafuna akadabwerera kwawo kukapuma ndi ulemu wonse. M'malo mwake adapita ku Chingombe, m'chigwa cha Luano kumpoto kwa Rufunsa, kukagwira ntchito ngati wansembe wamba, ndipo adakhala m'mishoni za kumidzi mpaka ukalamba wake. Adamwalira mu 2007 ali ndi zaka 96. Sindikudziyerekeza ndi munthu wotere; ine ndine mphunzitsi wa katekisimu wa njinga imodzi. Chimene chidandigwira ndi msinkhu umene adasinthira njira, poti ndi msinkhu wanga uno.

Pobwerera tidakweza njinga pa lole, ndipo nkhaniyi ndidaitula kaye kunyumba. Mayi adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adafunsa za malata. Funsolo lidali loyenera, pakuti ndalamazo tidasunga tonse awiri, ndipo iwo ali ndi abale awo ku Katete amene akhala akuwayembekeza. Tidakambirana masabata angapo. Tidagwirizana kuti kamunda sitigulitsa, za ku Katete tiziimika zaka zitatu, ndipo iwo azipitako pa basi nthawi yokolola. Pa ndalama za malata tidapatulapo zogulira njinga ziwiri zolimba, zonga za a makala zija, kuti achinyamata amene ndidzawaphunzitse azitha kufika pa matchalitchi oyandikana nawo. Wansembe woyang'anira dera limenelo adandilandira bwino, nandichenjeza kuti ndisalonjeze anthu zambiri msanga, ndiyambe ndi malo awiri okha. Mphwanga yekha ndiye sadakondwe. Akuti adzawoloka mlathowo ndi anzake, ndipo ndamubwereka pampu ndi masipanala anga.

Dongosolo lake nlosavuta: sabata imodzi mwezi uliwonse kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mitsinje ili youma, kugona kwa akhristu, kuphunzitsa atatu aja ndi ena amene mphakati udzasankhe, mpaka adzathe kukonzekeretsa ana okha. Dzinja ndidzawasiyira mabuku. Gogo uja adatumiza uthenga kudzera mwa bambo wa makala kuti ndikabwere ndi kope latsopano, chifukwa lakale latsala masamba awiri.