Mfuti Pakhomo

Munthu wochokera ku Lilongwe akadutsa Mponela pamsewu waukulu wopita ku Kasungu amafika pa Madisi, msika wa alimi a fodya, chimanga, mtedza ndi soya. Chakum'mawa kumaoneka mapiri a Dowa ndi Ntchisi atandanda ngati ng'ombe zogona. Kuyambira mwezi wa Epulo, misika ya fodya ikatsekulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, zigafa zimayamba kupepuka, mabelo amakwera malole, ndipo m'midzi mumamveka kukhoma kwa malata atsopano. Koma nyengo yomweyi ndiyo imene tulo timachepa. Ndalama zikalowa m'mudzi akuba nawo amanunkhiza, kotero mwini khola amadzuka kawiri kapena katatu usiku umodzi kukasuzumira ziweto zake.

M'dera la mfumu yaikulu Chakhaza muli mlimi wina amene adaberedwa ng'ombe ziwiri zapangolo usiku wa mwezi wa Juni. Akubawo adabwera ndi zikwanje, koma mmodzi mwa iwo adaomba mfuti m'mwamba kamodzi kokha. Kulira kumodziko kudakwanira. Mudzi wonse udamva, agalu adauwa, koma palibe amene adatsekula chitseko. Kutacha anthu adalondola mapazi mpaka kudambo, kumene adapezako ndowe ndi chingwe chodukaduka basi. Kuchokera tsiku limenelo mlimiyu adatsimikiza mtima kuti adzagula mfuti, ndipo amene adamutsutsa kwambiri adali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake.

"Alamu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," adatero mlimiyo. "Wakuba ali nayo mfuti ndipo sadapemphe munthu. Ine wolima ndi thukuta langa ndiye ndikagwade kuboma kuti ndiloledwe kuteteza khola langa? Apolisi ali kutali, ndipo mbala siidikira kuti kuche. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno."

Mawu amenewa si opusa, ndipo kuwaseka n'kulakwa. Ndiwo mawu omwewo amene agawanitsa dziko la America kwa zaka zambiri. Kumeneko malamulo aakulu a dziko adawonjezedwa ndime m'chaka cha 1791 yonena za ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida. M'chaka cha 2008 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti ufuluwu ndi wa munthu aliyense payekha m'nyumba mwake, ndipo m'chaka cha 2022 lidawonjeza kuti munthu angathe kuyenda nayo mfuti kunja kwa nyumba pofuna kudziteteza. Bungwe la National Rifle Association lakhala likulimbikira kuti lamulo loletsa mfuti limamanga manja a anthu abwino okha, pakuti chigawenga sichiwerenga lamulo. Otsutsana nalo amaloza kumanda. Kafukufuku wa Small Arms Survey adapeza kuti m'chaka cha 2017 ku America kudali mfuti 120 pa anthu 100 aliwonse, ndipo m'chaka cha 2021 anthu oposa 48,000 adafa ndi zipolopolo. Chodabwitsa n'chakuti oposa theka la anthu amenewa adadziombera okha. Mfuti imene idagulidwira mbala idapeza mwini wake pa tsiku la ngongole ndi kusweka mtima.

Kuno kwathu lamulo lidayima pena. Malamulo aakulu a dziko la Malawi a m'chaka cha 1994 amateteza moyo wa munthu ndiponso katundu wake, koma sanena kuti kukhala ndi mfuti ndi ufulu wachibadwidwe. Lamulo la mfuti la m'chaka cha 1967 limati wofuna mfuti apemphe chilolezo kupolisi, afotokoze chifukwa chomveka, nambala ya mfutiyo ilembedwe m'kaundula, ndipo chilolezocho azichikonzanso nthawi yake ikatha. Boma lingathe kukana, ndiponso lingathe kulanda chimene lidapereka. Kunena mwachidule, ku America mfuti ndi ya munthu mpaka boma litapeza chifukwa chomulanda, pamene kuno munthu amachita ngati wabwereka, ngakhale adaigula ndi ndalama zake.

Mlimi uja amati kusiyana kumeneku ndi chipongwe chotsalira cha atsamunda, ndipo mbiri imamuvomereza pang'ono. Mfuti zidafika m'dera lino kudzera ku Nkhotakota, kumene a Jumbe ankasinthanitsa mfuti, onga ndi nsalu ndi minyanga ya njovu ndiponso anthu. Angoni a Chiwere atakhazikika m'mapiri a Dowa, Achewa ambiri opanda mfuti adathawira m'phiri la Ntchisi, pamene Mwase wa ku Kasungu, amene adali nazo, adalimba pamalo pake mpaka asilikali a Angerezi adamugonjetsa m'chaka cha 1895. Maiko a ku Ulaya adali atapangana kale ku Brussels m'chaka cha 1890 kuti mfuti zamakono zisagulitsidwe mwachisawawa m'chigawo chachikulu cha Africa. Adati akuthetsa malonda a akapolo, ndipo mbali ina adanena zoona, koma zotsatira zake zidali zakuti mzungu adatsala ndi mfuti yabwino, munthu wakuda n'kutsala ndi gogodela wopingira nguluwe m'munda. N'chifukwa chake mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe adapita ku Mandala mu Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo zida. Wolamulidwa mwankhanza amadziwa bwino kufunika kwa chida chimene wamanidwa.

Palinso nkhani ya posachedwapa imene mlimiyu saiwala kutchula. Mu Malichi 2003 chilombo china chidalusa m'boma la Dowa, chidapha anthu atatu ndi kuvulaza ena oposa khumi, ndipo anthu zikwi zingapo adathawa m'midzi yawo. Akuluakulu a boma adati adali fisi wachiwewe, ngakhale ambiri mwa amene adachiona sadakhulupirire. Anthu adadikira alenje a boma ndi apolisi ali ndi mikondo ndi zibonga m'manja. "Pakadakhala mfuti imodzi yokha m'mudzi uliwonse," amatero mlimiyo, "bwenzi maliro aja atachepa." Mwina n'zoona. Mwinanso usiku wa mantha ngati umenewo, pamene tchire lililonse logwedezeka lidali chilombo, mfutizo zikadagwetsa mwana wochokera kokatunga madzi. Palibe angaweruze zimene sizidachitike.

Mlamu wake sadawerenge za America, ndipo za Brussels sadazimvepo. Chimene ali nacho n'chakuti pa unyamata wake adali mpayoniya.

"Mfuti ndidaigwira ine, alamu," adayankha. "Imalemera paphewa sabata yoyamba yokha. Ukaizolowera, chimene chimapepuka ndi mutu wako. Munthu amene dzulo ukadamupatsa moni, lero umayembekeza kuti akupatuke."

Ophunzira a lero adabadwa gulu la Malawi Young Pioneers litatha kale, choncho n'koyenera kulifotokoza. Lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1963 ngati nthambi ya achinyamata a chipani cha Malawi Congress Party, ndipo cholinga chonenedwa chidali chabwino: kuphunzitsa anyamata ndi atsikana ulimi wamakono, umisiri ndi mwambo. Ambiri adaphunziradi zimenezi, ndipo ena adaphunzitsa masewero olimbitsa thupi m'sukulu. Koma gululi lidapatsidwanso mfuti ndi maphunziro a usilikali, ndipo lamulo la m'chaka cha 1965 lidaliteteza kotero kuti wapolisi wamba sakadatha kumanga mpayoniya popanda chilolezo chochokera kumwamba. Apa ndiye padagona vuto. Adali anthu onyamula zida amene sankayankha kwa mkulu wa asilikali kapena kwa mkulu wa apolisi, koma kwa Dr. Kamuzu Banda yekha. Pamodzi ndi ayufi ankaima pazipata za misika ndi pokwerera mabasi kufunsa khadi la chipani, ndipo mayi wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake la tomato. Sipankafunika kuomba. Kudziwa kokha kuti kumbuyo kwa mnyamata uyu kuli mfuti, ndi kuti kumbuyo kwa mfutiyo kulibe khoti, kunkakwanira.

Pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo funso lidabuka nthawi yomweyo: chisankho chingayende bwanji chipani chimodzi chili ndi asilikali akeake? Adagwirizana kuti apayoniya alandidwe zida, koma ntchitoyo inkangozengereza. Kumayambiriro kwa Disembala chaka chomwecho, Dr. Banda akuchira ku opaleshoni ya m'mutu imene adachitidwa ku South Africa, apayoniya adaombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu pambuyo pa mkangano wa kumowa. Pa 3 Disembala asilikali adatuluka m'misasa yawo n'kuthira nkhondo malikulu a apayoniya ku Lilongwe ndi misasa yawo m'dziko lonse. Anthu oposa 20 adafa, ndipo apayoniya pafupifupi 2,000 adathawira ku Mozambique, ena ali ndi zida zawo. Ntchito imeneyi idatchedwa Operation Bwezani.

Dzina limeneli n'lofunika kuliganizira. Sadati "lekani" kapena "gonjani". Adati "bwezani", monga mmene munthu amanenera kwa amene adabwereka khasu n'kuyamba kuliyesa lake. M'mawu amodziwa muli nzeru imene mkangano wa alamu awiriwa ukuizungulira: mfuti ikhale m'manja mwa munthu amene pali wina wotha kumuuza kuti abweze, iye n'kubwezadi. Apayoniya adakhala zaka 30 popanda wowauza mawu amenewa, ndipo tsiku limene adanenedwa adanenedwa ndi zipolopolo. Mkangano wa kumowa ndi chinthu chimene chimachitika pa Madisi Loweruka lililonse. Umathera pa diso lotupa ndi mbuzi ya chindapusa kwa anyakwawa. Wa ku Mzuzu udathera pa maliro chifukwa chakuti mfuti idali pafupi.

Kubweza mfuti n'kovuta kuposa kuigawa. Dziko la Mozambique lidaphunzira zimenezi nkhondo yake itatha m'chaka cha 1992. Mfuti za AK-47 zidatsala m'mauna ndi m'madenga, zina zidawoloka malire kulowa kuno, ndipo zaka zotsatira umbanda wa mfuti udakula m'matauni ndi m'malo a malonda a m'Malawi. Kuyambira m'chaka cha 1995 bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba kupatsa anthu makasu, njinga, malata ndi makina osokera posinthana ndi mfuti. Ntchitoyo idatenga zaka zambiri. Mu Ogasiti 2001 atsogoleri a maiko a SADC adasainirana mu mzinda wa Blantyre pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo, povomereza kuti chida chotayika m'dziko limodzi chimakapha m'dziko lina. Nayonso mfuti yachilolezo siitetezeka ku zimenezi. Mbala zikadziwa kuti nyumba yakuti muli mfuti, ulendo wina sizidzera ng'ombe.

Komabe woyankha mlimi uja kuti asiyire boma ayenera kulankhula modzichepetsa, pakuti nalo boma lili ndi mlandu wake. Pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 anthu pafupifupi 20 adaphedwa m'mizinda ya dziko lino, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi. Yunifolomu payokha siyeretsa chala chimene chili pa mfuti. Ndiponso boma limene limauza mlimi kuti asadziteteze ndi mfuti limadzimangirira lokha ngongole yofika msanga iye akakuwa. Likalephera, anthu amatenga lamulo m'manja mwawo, ndipo tonse tikudziwa za oganiziridwa kuba amene amatenthedwa asanafike kukhoti. Mlimi akafunsa kuti "nanga ine andilondera ndani?" sakupempha chinthu chachilendo. Kumene akulakwa n'kuganiza kuti iye adzakhala munthu yemweyo nthawi zonse: wosaledzera, wosapsa mtima pa mkangano wa malire a munda, wosataya mtima fodya akagulidwa motchipa, ndiponso wotha kusiyanitsa mbala ndi mnansi mumdima wa mwezi wa Juni.

Nkhani ya alamu awiriwa idali ndi mfundo ina imene makhoti a ku America sakadaidziwa. Mlimiyu ndi mkamwini. Nyumba adamanga yekha, ng'ombe adagula yekha, koma mudzi ndi wa mkazi wake, ndipo ana a m'nyumbamo mwini mbumba wawo ndi mlamu yemweyo. Choncho ngakhale apolisi akadavomera, padali chilolezo china chofunika kupempha. Pakadali pano amuna a m'mudzimo adagwirizana zolondera mosinthana usiku, monga zimachitikira m'magulu a chitetezo cha m'midzi amene apolisi adayamba kulimbikitsa m'zaka za m'ma 1990. Makola adawasendeza pafupi ndi nyumba, ndipo aliyense amagona ndi foni yamoto. Mlimiyo amalondera nawo, koma amati wenzulo sungayankhe mfuti, ndipo pamenepa palibe amene amamutsutsa.

Tsiku lina madzulo, atatha kudya, mlamu uja adafunsa funso limene adali asadafunsepo.

"Tinene kuti akupatsani, alamu. Izigona pati?"

"Pansi pa bedi, kuti ndiipeze msanga."

"Pamene adzukulu anga amasungapo mpira wawo?"

"Ndiye ndiziika kudenga, zipolopolo n'kuzitsekera m'sutikesi."

"Akuba adzakudikirani kuti mufune makiyi?"

Mlimiyo adati adzaganiza. Mkazi wake, amene adali chete akusonkhanitsa mbale, adati mwana wawo wachisamba adayamba kukwera kudenga ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe malo m'nyumbamo amene sadafikeko.