Tsiku Lolembedwa pa Chiphaso

M'chaka cha 2017 Boma linatuma alembi m'midzi yonse ya Malawi kukalemba anthu a zaka 16 ndi opitirira apo, ndipo oposa 9 miliyoni analembedwa kuti alandire chiphaso cha unzika. Ife a ku Ntcheu tinachilandira ndi manja awiri, pakuti tikhala m'malire. Pa Lizulu munthu akangodumpha msewu wafika ku Mozambique, ndipo chinenero ndi maukwati n'zimodzi mbali zonse ziwiri. Chiphasocho chinathetsa makani akuti uje ndi wa kuti.

Komatu pa chiphasopo panalembedwanso tsiku lakutha mphamvu yake. Nkhalamba yosadziwa kuwerenga inachikulunga m'kansalu nichibisa bwino, osaganiza konse kuti chinthu chimene chiswe sichidya chingathe kufa chili chatsopano.

Tsono mu 2020 kunadza chithandizo cha feteleza wotsika mtengo chotchedwa AIP. Makuponi analekeka, mlimi anayenera kuonetsa chiphaso chake kuti agule thumba la makilogalamu 50 pa K4,495. Ndalama za Mtukula Pakhomo nazo zikamadzera ku banki kapena pa lamya, kumeneko amafunsa chiphaso chomwecho. Motero zitayamba kutha mphamvu ziphaso zina mu 2021, nkhawa inagwira osauka koposa onse.

Taganizani, owerenga, za mayi wamasiye wa ku Tsangano kapena ku Kasinje. Kukonzetsa chiphaso kunali K2,500, ndalama yopitirira theka la mtengo wa thumba lija. Pamwamba pake panali ulendo wa ku Boma, kenaka wachiwiri wokachitenga, popeza sichituluka tsiku lomwelo. Amene Boma linamsankha chifukwa alibe kanthu ndiye anayenera kuyamba wapeza kanthu. Ine izi sindizimvetsa mpaka lero. Nkhope ya mnyamata imasinthadi, koma agogo a zaka 70 adzasanduka yani?

Mu 2023 Boma linalengeza kuti ziphaso zakutha zigwirebe ntchito kufikira pa 1 January 2026. Linachita mwanzeru ndithu, ngakhale kuti kumeneko kunali kungosuntha tsiku.

Akadandifunsa ine, ndikadati alembi azibwerera okha kumidzi monga anachitira poyamba paja, makamaka m'miyezi ya June ndi July, pamene anthu akolola ndipo misewu ya ku Bwanje yauma.