Kompyuta ya m'mimba mwa inzake

Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo pa zonse zimene anthu amabwera nazo pa benchi yanga, imene ndimaigwira mosamala kwambiri ndi virtual machine. Iyi ndi kompyuta yokhala m'mimba mwa kompyuta inzake. Pulogalamu ngati VirtualBox kapena VMware imapatula kachipinda mu laputopu, ndipo m'menemo mumakhala Windows ina kapena Linux ndi mapulogalamu ake onse. Ambiri amene amaigwiritsa ntchito kuno ndi eni masitolo okhala ndi pulogalamu yakale yolembera malonda, imene imangoyenda pa Windows XP, ngakhale Microsoft idasiya kuisamalira mu 2014.

Kompyuta yonseyo ndi mafayilo owerengeka chabe. Mu VirtualBox, hard disk yake ndi fayilo yothera ndi .vdi, makonzedwe ake ali m'kafayilo ka .vbox, ndipo zonse zimagona m'foda yotchedwa VirtualBox VMs. Apa ndi pamene anthu amapusitsika, chifukwa kukopera kumaoneka kosavuta.

Mayi wina wogulitsa simenti ndi malata adabwera tsiku lina laputopu itafa, hard disk ikungolira kuti tche, tche, tche. Sadaoneke odandaula. Adamasula mpango, n'kutulutsa hard drive yaing'ono, nati: "Achimwene, musavutike, mwana wanga adandikopera zonse mwezi watha." Nditatsegula ndidapezamo fayilo imodzi yokha ya .vdi. Ndidailumikiza pa kompyuta yanga, Windows XP idayaka bwinobwino, koma buku la ngongole lidathera zaka ziwiri kumbuyo.

Vuto lidali snapshot, imene imasunga m'mene virtual machine iliri pa nthawi imeneyo. Munthu akatenga snapshot, VirtualBox imasiya kulemba mu .vdi yoyamba ija, n'kuyamba kulemba zatsopano zonse m'fayilo ina, m'kafoda ka Snapshots, yokhala ndi dzina lalitali la manambala ndi zilembo. Mwana wawo uja adaona fayilo yaikulu n'kuganiza kuti nkhokwe ndi imeneyo, pomwe zokolola za zaka ziwiri zidali m'tifayilo tomwe adatisiya. Mayi aja adakhala chete nthawi yaitali, kenako adayamba kuwerenga pa zala anthu amene ankawakumbukira kuti adatenga katundu pangongole. Mpaka lero chithunzi chimenecho sichindichoka m'mutu.

N'chifukwa chake ndimakana munthu akandiuza kuti ali ndi backup poti adatenga snapshot. Snapshot imagona pa disk yomweyo, ndipo payokha siingayake popanda fayilo yoyamba. Disk ikafa, zimafera limodzi.

Machitidwe anga sasintha. Ndimayamba ndathimitsa virtual machine kwathunthu, chifukwa kukopera disk imene ikulembedwabe kumatulutsa fayilo yoduka pakati. Kenako ndimakopera foda yonse, osasankha. Hard drive yolandira iyenera kukhala ya NTFS kapena exFAT, popeza FAT32, imene imabwera pa maflash ambiri, simalola fayilo yopitirira 4 GB, pamene disk ya virtual machine imadutsa pamenepo mosavuta. Ngati mwini wake akufuna kusamukira pa kompyuta ina, ndimagwiritsa ntchito Export Appliance, imene imamanga zonse m'fayilo imodzi ya .ova monga ziliri tsiku limenelo.

Gawo limene ambiri amalidumpha ndi lomaliza. Ndimatenga kopeyo, kuiyatsa pa kompyuta ina, ndi kumuuza mwini wake kuti atsegule yekha malonda adzulo. Akawaona ndi maso ake, m'pamene ndimazula hard drive ija, n'kumuuza kuti akaisunge kunyumba, osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu, pakuti wakuba amanyamula chikwama chonse.

Inu amene muli ndi virtual machine, tsegulani foda yake lero muone ngati muli kafoda ka Snapshots. Ngati kalimo, ithimitseni, mukopere foda yonse musanagone.