MSODZI WA KU KABWATA APHUNZIRA MTSINJE

Bambo wina wokhala ku Kabwata mu Lusaka, amene anakulira ku Petauke, wakhala akuwedza nsomba zaka zambiri m'madamu a m'mafamu ozungulira mzinda. Usodzi wa padamu ngwofatsa: munthu atunga nyongolotsi kumbedza, aponya, nakhala pansi kudikira. Atapuma pa nchito, mwana wace anamgulira ndodo yaitali yowedzera ndi nyambo zopangidwa ndi nthenga ndi ulusi, zooneka ngati tizilombo kapena tinsomba. Mphatso yodula coteroyo sakanaibisa kuseri kwa citseko. Anayenera kupita nayo kumtsinje.

Nyambo ya nthenga njopepuka kwambiri, siingaponyeke yokha. Cimene cimainyamula ndi kulemera kwa cingwe, cotero msodzi amayamba wacikupiza m'mwamba, kumbuyo ndi kutsogolo. Bamboyo anaphunzira zimenezi pabwalo la mpira, ana akumseka kuti agogo akuwedza fumbi.

Ulendo woyamba unali wa ku Kafue, makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka. Kumeneko anapeza kuti madzi oyenda sadikira munthu. Akaponya, madzi ankakoka cingwe pamimba, nyambo nkuthamanga mopingasa mtsinje monga sicicitira camoyo ciliconse, ndipo nsomba zinkangoipenya. Asodzi a m'mabwato ndiwo anamuuza kuti nsomba ya mumtsinje imayang'ana kumene madzi acokera, ndipo imabisala kuseri kwa mwala kapena kwa mtengo wogwa, pamene madzi othamanga akumana ndi odekha, kudikira cakudya cobwera cokha. Wofuna kuigwira aponye kumtunda kwace, nyambo itsike monga yakokoloka. Padamu iye ankasankha malo poona mthunzi wokhalapo. Apa anayenera kuyenda ndi kuwerenga nkhope ya madzi.

Anafunsa za mcheni, nsomba ya mano ngati misomali imene anaimvera mbiri ali mnyamata. Anamyankha kuti kumtunda kwa Kafue Gorge mcheni kulibe, apite ku Zambezi ca ku Chirundu m'miyezi yotentha ya September ndi October, ndipo amange kawaya pamwamba pa mbedza, cifukwa mano ace amadula cingwe.

Inu a kumudzi mudziwa kale cimene a m'tauni amaiwala: mtsinje uli ndi eni ace. M'mafilimu asodzi a ku Ulaya amaima m'madzi ofika m'ciuno. Wocita zimenezo pa Zambezi adziperekera yekha kwa ng'ona. Bamboyo amaima patali ndi gombe, sabwerera pamalo amodzi masiku otsatizana, ndipo akamva mvuu asamuka.

Pa ulendo wacitatu wa ku Chirundu mcheni unagunda nyambo, unalumpha kawiri, nkulavula mbedza. Anakwera basi opanda ndiwo, manja akunjenjemerabe. Pa 1 December boma limatseka usodzi m'mitsinje yambiri kufikira kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane, ndipo miyezi itatu imeneyo iye amaithera pakhonde, akumanga nyambo ndi nthenga za nkhanga zimene mlongo wace amamtumizira kucokera ku Petauke.