Webusaiti ndimaiyesa pa kafoni kotsika mtengo

Ndimapanga mawebusaiti, koma ntchito yambiri imene imandipeza ndi yokonza amene anapangidwa kale. Eni ake amabwera ndi dandaulo limodzimodzi: ndalama tinalipira zambiri, koma palibe akutiimbira. Ine sindiyambira pa laputopu. Ndimazimitsa Wi-Fi, n'kutenga kafoni ka Itel kamene ndimasungira ntchito imeneyi, n'kulowa pa webusaitiyo ndi bandulo ya TNM kapena Airtel, chifukwa kasitomala wawo amalowera khomo lomwelo.

Vuto lalikulu limakhala zithunzi. Mwini loji ya kunyanja amajambula zipinda ndi foni yapamwamba, chithunzi chilichonse n'kulemera ma MB 4 kapena 5. Wopanga webusaitiyo amatenga khumi n'kuziunjika pa tsamba loyamba kuti zizisinthana zokha. Pa kompyuta ya mu ofesi zimakongola ndithu. Koma pa foni munthu amangoona poyera mbuu, kachizindikiro kakuzungulirazungulira, bandulo ikutha. Angadikire ndani? Zimandipweteka, chifukwa lojiyo imakhala yabwino, koma mlendo wapita kwina asanaone ndi bedi lomwe. Ndimasankha chithunzi chimodzi chimene chikunena zonse, ndimachichepetsa, n'kuchisunga mu WebP, mtundu umene Google inatulutsa mu 2010. Chimatsika kufika pansi pa ma KB 200 ndipo diso silisiyanitsa. Zotsalazo zimapita pa tsamba lawolawo, wofuna aziona yekha.

Kenako ndimasaka nambala ya foni. Kawirikawiri imabisala pansi penipeni, kapena inalembedwa mkati mwa chithunzi moti sungaidine. Ndimaikweza pamwamba kuti chala chikangogunda foni iimbe, pambali pake batani la WhatsApp. Mitengo ndimaitulutsa mu PDF n'kuilemba poyera, pamodzi ndi mawu oti Mpamba ndi Airtel Money amalandira. Fomu yofunsa bokosi la positi, dzina la kampani ndi zina zosafunika ndimaidula, kutsale dzina, nambala ndi uthenga basi.

Achinyamata a ntchito yathu amakonda zilembo zing'onozing'ono zotuwa pa tsamba loyera. Malangizo a kapangidwe ka mawebusaiti otchedwa WCAG amati kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi pamene zakhalapo kusachepere 4.5 kwa 1. Woti sakukhulupirira atuluke panja masana a Okutobala awerenge yekha.

Ndikamaliza sindidalira maso anga, popeza ndikudziwa kale pamene chilichonse chili. Katswiri wina, Jakob Nielsen, analemba mu 2000 kuti anthu asanu okha amavumbula zolakwika zambiri za webusaiti, ndipo ndimatsata zimenezo. Ndimapereka foni kwa alonda apageti kapena mayi ogulitsa mayunitsi, n'kuwapempha kuti: "Tandipezerani mtengo wa chipinda cha anthu awiri." Ndiye ndimakhala chete, ngakhale pakamwa payabwe chotani. Chala chikaima, chikabwerera m'mbuyo, kapena akadina mawu amene si batani, ndimalemba.

Chovuta kwambiri ndi kukambirana ndi eni ake za uthenga wawo wautali wolonjera alendo, umene wadzaza tsamba loyamba. Sindimatsutsana nawo. Ndimawapempha akhale pambali panga pamene alonda aja akufufuza mtengo, aone okha chala chikudumpha ndime zonse zisanu osawerengako ngakhale mzere umodzi. Ambiri amanena okha kuti, "Achimwene, usunthireni kutsamba lina."